Kalata ya Tadala inakhala m'jekete langa

Abusa, akulu a mpingo, amayi ndi abambo, moni nonse m'dzina la Ambuye. Ndikufuna kuchitira umboni, koma musafulumire kuwomba m'manja. Wolakwa pa nkhaniyi ndi ine ndaima panoyu.

Ambiri mukumudziwa Tadala, mwana wa malemu mlongo wanga, uja ankaimba kwaya pano. Anapita ku Turkey kukaphunzira unamwino, nakwatiwa ndi mwamuna wa komweko. Anakwatirana ku ofesi ya boma, opanda chinkhoswe, ine mwini mbumba ndinangomva pa foni. Zinandiwawa, abale, ndisaname. Mulungu anawapatsa mwana wamkazi.

Mlongo wanga uja atadwala, Tadala anabwera kudzadwazika, mwana n'kumusiya kwa apongozi ake. Matenda anatenga miyezi, mpaka tinaika maliro. Chilolezo chake chokhalira kunja kuja chinatha ali kuno, ndipo mwamuna anayamba kusayankha foni.

Tsiku lina ndikupalira mbatata kuseri kwa nyumba, kunabwera munthu wa boma ndi envulopu yaikulu. Tadala anali atapita ku Linthipe kukagulitsa kabichi. Ndinati, "Ndine malume ake, bweretsani kuno." Ndinasaina. Ndi dzanja ili, lioneni, ndinasaina.

M'katimo munali mapepala a chilankhulo chawo, ena a Chingerezi. Sukulu ndinalekera sitandade seveni, koma ndinamva. Mwamuna uja wapita ku khoti loona za mabanja, akufuna ukwati uthe, ndiponso mwana akhale wake. Tadala ayankhe pasanathe masabata awiri.

Tsono mverani nzeru za munthu wopusa. Inu mukundidziwa, ndakhala nkhoswe ya maukwati angati m'mudzi muno? Kwathu kuno nkhoswe ya mbali imodzi ikapanda kubwera, nkhani siikambidwa. Anthu amakhala, amadikira, dzuwa likapendeka amati tidzakumane tsiku lina. Ndiye ndinati mumtima, tikangokhala chete, mlanduwu ufa wokha. Aweruza ndi ndani ife kulibe? Ndinatinso, pokwatira sanandifunse, pothetsa ndiye andidziwe? Komanso, ndinene zonse, ndinkaopa inu. Ndinkaopa kuti mudzati mbumba ya mkulu uja ikutha maukwati.

Ndinapinda kalata ija n'kuiika m'thumba la m'kati la jekete ili ndavalali. Sabata ndi sabata ndinkabwera nayo muno, ndikukhala pa benchi apo, ndikuimba nanu nyimbo.

Tadala anandifunsa, abale. Mnzake wa ku Turkey, Mmalawi mnzathu, anali atamuuza kuti za khoti zimabwera pa kalata. Anabwera, nagwada, nati, "Amalume, sikunafike kalata yanga iliyonse?"

Ndinati, "Ayi mwanangu, sindinaione."

Anafunsanso mwezi wotsatira. Ndinatinso ayi. Mwana ankaonda ine ndikuona, akuyang'ana zithunzi za mwana wake pa foni, ine ndikumuuza kuti pemphera, pirira.

Kenaka mnzake uja anaimbanso. Tadala anabwera kwa ine. Anati, "Amalume, akuti mlandu ukupitirira ine kulibe. Kumeneko sadikira munthu. Akuti kalata inafika kuno, wina anasaina, ine sindinayankhe. Loya wa bambo a mwana akunena kuti ndinathawa mwana wanga. Anasaina ndani, amalume?"

Mukuganiza kuti ndinaulula? Sindinaulule. Ndinati mwina anasokoneza midzi. Ambuye ndikhululukireni, ndinanena choncho.

Lamulungu lotsatira unali mgonero. Mbale ya mkate itafika pa ine, ndinatambasula dzanja, ndipo pepala lija linakhwakhwata pachifuwa panga. Pang'ono chabe, oyandikana nane sanamve. Koma ine ndinamva ngati tchalitchi chonse chamva. Dzanja linakana. Amayi a kunyumba anandiyang'ana, ine n'kupatsira mbale kutsogolo. Amene munali pafupi munaona, mwina munati ndadwala. Inde ndinadwala, koma osati m'thupi.

Titaweruka ndinam'peza Tadala akutsuka mbale. Ine malume ake, mutu wa imvi uno, ndinagwada pa dothi, n'kutulutsa kalata. Anaiwerenga ataimirira. Sanakuwe, sanatukwane. Bola akanatukwana. Anangoti, "Amalume, miyezi yonseyi mwana wanga munamuika m'thumba?"

Mpaka lero mawu amenewo ndimawamvabe.

Apa ndi pamene Mulungu anagwira ntchito, chifukwa ine ndinali nditawononga kale. Mnzake uja anam'pezera loya komweko. Tinapita ku Lilongwe, Tadala anasaina chikalata chopatsa loyayo mphamvu zomuimira, chokhala ndi chithunzi chake ndi zidindo. Loya anati sizikwanira, amene anasaina kalata ija alembe yekha zimene anachita. Ndinalemba, ndinalumbira, anazimasulira m'chilankhulo chawo. Taganizani, bodza langa linakawerengedwa pamaso pa woweruza kudziko kumene sindinapondeko. Ine amene ndinkaopa manyazi a m'mudzi, manyazi anga anakwera ndege.

Masiku oyankhira anali atadutsa kalekale. Loya sanatilonjeze kanthu. Tinasala kudya, amayi a chigwirizano munapemphera nafe ngakhale simunkadziwa zonse. Ndipo woweruza anavomera kumumva Tadala. Aleluya! Tadala anapeza chilolezo chobwerera ku Turkey, anapita, anakaima yekha m'khoti n'kufotokoza kuti sanathawe mwana, anabwera kudzadwazika mayi ake.

Ukwati unatha. Chimene ndinkati ndikuteteza chija sindinachiteteze. Koma khoti linagamula kuti mwana azikhala ndi mayi ake, bambo ake azimuona masiku oikika.

Musawombe kaye, ndatsala ndi chimodzi. Tsiku loyamba Tadala atapita kukamutenga, mwana anathawa, anakabisala kumbuyo kwa agogo ake. Anali atamuiwala. Mayi ake akumuitana, iye akulira ngati waona mlendo. Pa nthawi yonse imene anasiyana, miyezi ina ndi ya matenda, miyezi ina ndi ya boma, koma isanu ndi yanga. Imeneyo palibe khoti limene lingam'bwezere.

Tadala sanayambe kundiyankhula. Amaimbira azakhali ake, amayi a kunyumba, ine ndimamvera kwa iwo. Sindikumudandaula. Lachinayi lapitali anawauza kuti mwana uja, akusewera panja, anagwa n'kudzisupula bondo. Anadzuka akulira, anadutsa anthu onse, n'kuthamangira kwa mayi ake.

Zikomo Ambuye, zikomo Yesu, munakonza zimene ine ndinaphwanya. Abale, ndikupempha mundikhululukire, ndinakhala pakati panu ndi bodza pachifuwa. Tsopano imirirani, amayi imbani nthungululu, kondwerani nane. Osawombera ine ayi. Womberani Mulungu m'manja, chifukwa mwana uja akagwa, akudziwa kothawira.