Feteleza wa Nzeru

Pamzere wogula buledi mumzinda wa Arequipa, mayi wina anatembenukira bambo wachipewa amene anali kumbuyo kwake.

"Mwana wanga Maricielo analemba dzulo mayeso osankhira ana anzeru zapadera. Miyezi isanu ndakhala ndikumutumiza kwa mphunzitsi womukonzekeretsa!"

"Mayi, kumeneko ndi kubera. Iwo amafuna nzeru zobadwa nazo, osati zochita kuthira feteleza."

"Kani? Inu wanu simunamukonzekeretse?"

"Yeison wanga? Aaa, tinkangoyeserera pang'ono Loweruka lililonse. Koma ndinamuuza kuti woyesa mayeso akakamufunsa ngati tinamukonzekeretsa, akakane."

"Ndiye anakana?"

"Anakanitsitsa. Kenako anafunsa woyesayo kuti, 'Ndakhoza eti? Funso limeneli ndi limene tinalibwereza kwambiri ndi adadi.'"

"Pepani bambo. Koma feteleza wanuyo ndiye wagwira!"