Mngelezi wa pa Lisungwi

Pa siteji ya Lisungwi, a Fackson, amalonda oyenda maiko, anapeza mayi akukulunga zitumbuwa m'masamba a buku.

"Mayi, lekani kung'amba! Buku limenelo ndinalemba ndine, analisindikiza ku London!"

"Inuyo? Aphunzitsi anati wolemba wake ndi Mngelezi."

"Mngeleziyo ndine! Nditaika dzina langa, osindikiza analikana. Nditadzitcha dzina lachizungu, analilandira ndi manja awiri."

"Ndiye linayenda malonda eti?"

"Linatha lonse, psiti! Ndinagula ndekha, n'kubwera nalo kumudzi."

"Ooo! Kodi mayi amatigulitsa mapepalawa aja ndi akazi anu?"

A Fackson anakhosomola. "Akuti m'nyumba malo achepa."

"Ndiye mulembenso lina, bambo Mngelezi. Lanuli limamwa mafuta bwino kuposa nyuzipepala."