Mabeseni a Amayi ku Zóbuè

Aulutsi, ndiloleni ndigawane chimwemwe changa ndi omvera anzanga. Ine ndimaphikira anthu ogwira ntchito ku mgodi wa malasha ku Moatize, koma kwathu ndi ku Zóbuè. Kumeneko amayi anga amakhala m'nyumba imene anamanga atabwerera kuchokera ku Malawi nkhondo itatha. Denga lake linali litatheratu, moti mvula ikangoyamba ankandandalika mabeseni pansi.

Ndinayamba kugula malata limodzilimodzi pa loja ya bambo wina wachisilamu, iye n'kumandisungira. Atakwana, ndinapita nawo kumudzi ndikudzimva kuti ntchito ndamaliza. Mmisiri atakwera pamwamba anadina mtanda wa denga ndi chala, chalacho n'kulowa.

"Achemwali, mwagula malata okha? Mitengo yonseyi chiswe chinamaliza kalekale."

M'thumba munali mutauma, mitambo nayo itayamba kuda.

Amayi sanadandaule. Anafulula thobwa n'kumema anzawo amene anathawa nawo limodzi nkhondo. Thobwalo litapsa, azibambo anatulukira atasenza mitengo ya bulugamu ya m'minda mwawo, ndipo denga linatha tisanagule thabwa ndi limodzi lomwe.

Mvula yoyamba itagwa masana ena, amayi anadzambatuka n'kuyamba kuika mabeseni m'malo ake akale.

"Amayi, mukutani?" ndinafunsa.

Anayang'ana kumwamba, n'kuseka mpaka misozi kutuluka.

Omvera anzanga, musanagule malata yambani mwakwera mukaone mitengo. Mabeseni aja lero ali kuseri kwa nyumba, amayi anafesamo kabichi.