Mayi Lonia Mailosi ndi Mkaka Umene Sankaulawa

Malemu mayi athu a Lonia Mailosi anabadwa pa 14 Juni 1968 kwa Mlolo, kuno ku Chadiza, m'banja la a Zakeyu ndi a Fainesi. Pakhomopo panali khola la ng'ombe, koma mwa ana onse, iwo okha mkaka sunkawayanja. Atangoleka kuyamwa anapatsidwa phala la mkaka. Milomo inatupa, thupi lonse linachita ziwengo, mpweya n'kumavuta. Ena anati mwana walodzedwa. Mayi awo ndiwo anazindikira kuti izi zinkachitika tsiku la mkaka lokha, ndipo kuyambira pamenepo malemu anali ndi kapu ndi supuni yawoyawo.

Anayamba sukulu mu 1976 ndipo analekezera Giledi 7. Mu 1987 anakwatiwa ndi bambo Lenard Mailosi mu mpingo wa Reformed, nakakhala kwa Zingalume komwe ankalima chimanga ndi nsawa.

Mu 2004 anatsegula kanyumba ka tiyi m'mbali mwa msewu. Ambiri a inu munamwapo. Tiyi wamkaka ankagulitsa ndithu, koma wothira mkakawo anali mwana wawo Karen, ndipo ziwiya za mkaka zinali ndi beseni lakelake. Mlendo aliyense asanakhale pansi ankamufunsa ngati pali chakudya chimene thupi lake limakana. Anyamata a ngolo ankawaseka kuti tiyi wa kwa mayi Mailosi amayamba ndi mafunso ngati ku kiliniki. Iwo ankaseka nawo, mawa n'kufunsanso.

Mdzukulu wawo Natasha atabadwa ndi vuto lomweli mu 2015, malemu anamutenga ngati diso lawo. Tsiku loyamba sukulu anamuperekeza okha, nakafotokozera aphunzitsi ndi amayi ophika phala. Chizungu sankachidziwa kwenikweni, koma paketi ya bisiketi sinkatsegulidwa pakhomo pawo mpaka wina awawerengere timalemba tating'ono ta kumbuyo.

Lachiwiri pa 9 Sepitembala 2025, malemu anapita ku boma ndi amuna awo kukagula ufa wa masikono. Masana analowa mu lesitilanti ina naitanitsa mpunga wa nyemba. Anafunsa monga mwa chizolowezi chawo, ndipo mayi woperekera chakudya anayankha kuti mulibe mkaka. Mayiyo sankadziwa kuti wophika anathira batala mumpungamo. Asanafike pakati pa mbale, malemu anagwira dzanja la bambo Lenard, mpweya ukuwavuta. Anthu anathamanga nawo kuchipatala, madokotala anayesetsa, koma mayi athu anatisiya masana omwewo.

Mayi amene anapereka mbaleyo, a Thokozile, ali nafe pano. Anabwera okha dzulo, osaitanidwa, ndipo akhala akutunga madzi ndi amayi anzawo maso ali ofiira. Bambo Lenard andituma kuti ndinene pamaso pa nonse kuti pasapezeke wowaloza chala. Pempho lawo ndi limodzi, kwa inu nonse ophika zogulitsa, a pa ukwati ndi a pa misonkhano ya mpingo: munthu akakufunsani zimene zili m'chakudya, musayankhe mongoganiza. Pitani kukhitchini mukafunse, ndipo ngati simukudziwa, nenani kuti simukudziwa.

Malemu asiya amuna awo, ana anayi, a Peter, a Karen, a Imelda ndi a Chipiliro, komanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri. Banja likuthokoza mafumu, abusa, amayi a Chigwirizano amene anasambitsa mnzawo, adzukulu okumba manda, achipatala, ndi bambo Wadson amene anapereka galimoto yawo osawerengera mafuta.

Pitani bwino, mayi. Natasha timusamala. Mzimu wanu uuse mumtendere.