Kamtengo Salandira ndi Manja Awiri

Olemekezeka oyimira unduna wa zamasewero; olemekezeka a wapampando a bungwe limene latisonkhanitsa; aphunzitsi a masewero onse, pamodzi ndi mawezulo anu amene mwawabisa m'malayamo; adokotala a timu; atolankhani; makolo amene mwakhala kumbuyo uko pa mipando yapulasitiki; ndi inu ana anga, amene mukukonzekera kukaimira dziko lathu ku mpikisano wa mayiko a m'chigawo chino, landirani moni wanga nonse.

Ndikuthokoza pondiitana kudzatsegulira msasa wanu wokonzekera, ngakhale ndamva ena akunong'onezana pakhomo paja kuti, "Mayi awa, mmene akuyenderamu, anathamangapodi?" Ndinathamanga, ana inu. Maondowa sanabadwe akulira chonchi.

Inenso ndakuonani mukulowa muholo muno. Ankhonya alowa nkhope zili gwaa, ngati wina wawabera nsapato. Otchova njinga ndi amene afika mochedwa, sindikudziwa kuti anabwera pa chiyani. Atsikana ataliatali a mpira wa manja mwakhala kutsogolo kwenikweni, moti makolo anu kumbuyoko akungoona misana yokhayokha.

Zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, ndinakhala pamene mwakhalapo. Ndinali wamng'ono kwambiri mwa atsikana anayi a mpikisano wopatsirana kamtengo, ndipo malo anga anali oyamba: kunyamuka, kuthamanga, kupereka, basi. Miyezi itatu yonse yokonzekera ndinkapereka, sindinalandirepo ngakhale kamodzi. Tsiku la mpikisano womaliza aphunzitsi athu anati, "Iwe uli ndi liwiro, lero ukhala wotsiriza." Amene ankayenera kundipatsira anali kaputeni wathu, namwino, wondiposa ndi zaka khumi, amene tonse tinkawatchula kuti Achemwali.

Tsono mumvetse kumene ndinachokera. Mayi anga anali telala, ndipo pambali pa makina awo pankakhala rula yathabwa yoyezera nsalu. Mwana aliyense amene walandira chinthu kwa wamkulu ndi dzanja limodzi, rula ija inkatera pa zala zake mayiwo asanaike n'komwe sizasi yawo pansi. Mutu umaiwala, koma zala siziiwala.

Achemwali anatulukira pakona tili pa nambala yachiwiri. Ndinamva mapazi awo, ndinamva kupuma kwawo, ndinamva akukuwa kuti, "Gwira!" Ndiye zala zija zinakumbukira rula. Ndinaima. Ndinatembenuka. Ndinapinda maondo, n'kulandira kamtengo ndi manja awiri, ndipo Mulungu ndi mboni, ndinanenanso kuti, "Zikomo." Podzuka apo, atsikana awiri a mayiko ena anali atandidutsa kalekale. Tinamaliza pa nambala yachinayi, pamene mendulo zimathera pa yachitatu.

Sekani ndithu, musadzigwire, adokotala alipo. Aphunzitsi athu anaponya chipewa pansi n'kuchipondaponda, ndipo kuyambira tsiku limenelo dzina langa linasanduka Manja Awiri. Ngakhale bambo a kunyumba, zikavuta, amanditchula lomwelo.

Koma alipo mmodzi amene sanaseke tsikulo. Achemwali anali atathamanga zaka khumi ndi ziwiri, akumachoka m'wodi ya ana kulunjika ku bwalo ndi nsapato m'manja, opanda mendulo ngakhale imodzi, ndipo uwu unali mpikisano wawo womaliza. Sanandikalipire. Anangondipukuta misozi ndi malaya awo onyowa thukuta. Kuchokera pamenepo, tikakumana pa ukwati kaya pa maliro, akamandipatsira kapu ya tiyi amati, "Gwira, thamanga!" Ine ndimaseka, iwonso amaseka, koma mawu oti pepani sindinawatulutsepo. Ndinkaopa kuti ndikawatchula, nthabwala itha, tiyamba kulira.

Achemwali, ndakuonani, mwakhala apo pafupi ndi matiresi aunjikidwawo. Pepani. Mendulo ija inali yanu, munaigwirira ntchito, munaifikitsa m'manja mwanga, ndipo amene ndinaitaya ndine. Zimandipweteka mpaka lero.

Ana anga, ulemu musausiye pa bwalo la ndege. Mukalemekeze oyimbira masewero ngakhale akakulakwirani, mukalemekeze ophika, oyendetsa basi, ndi anzanu a mayiko ena amene mukagawane nawo chipinda chovalira. Koma wezulo ikalira, ulemu waukulu umene mungampatse mnzanu amene wakuthamangirani ndi wakuti musataye zimene wakubweretserani. Ndipo inu aphunzitsi, mwana mukamusintha malo, muphunzitseni kaye ntchito ya pamalo atsopanowo. Musadikire tsiku lenilenilo kuti mudziwe zimene amayi ake anamuphunzitsa.

Tsono Achemwali, ndaona chinthu chikusuzumira m'chikwama chanu. Si kachidutswa ka mpini wa tsache kaja tinkapatsirana ngati kamtengo pokonzekera? Mwakasunga zaka zonsezi kudikira ine? Bwerani nako kuno. Ayi, musathamange, adokotala ndi mmodzi yekha. Ine ndayang'ana kutsogolo, dzanja limodzi lili kumbuyo. Kuwani monga kale.

Aa! Ndalandira! Atolankhani lembani: sindinatembenuke, sindinagwade, sindinathokoze. Achemwali, musandikumbatire chonchi, mundigwetsera magalasi, ndipo ndikayamba kulira mwambo uno sutha.

Amene mwina simukudziwa, wotsiriza pa timu ya atsikana opatsirana kamtengo chaka chino ndi mwana wa Achemwali omwewa. Bwera kuno, mwana wanga. Tembenuka, yang'ana kukhomo uko, tambasula dzanja. Limodzi, iwe! Taonani, wayamba kale kupinda maondo. Achemwali, kodi inunso muli ndi rula kunyumba? Eya, chonchotu. Gwira, ndipo ukawabweretsere amayi ako chimene ine ndinawatayira.

Kaputeni wa timu yonse, sendera kuno. Iyi ndi mbendera ya dziko lako. Imeneyi yokha ndiye ulandire ndi manja awiri, ndipo ukafuna kupinda maondo pinda, palibe amene akudutse.

Ndi mawu amenewa, olemekezeka nonse, ndikulengeza kuti msasa wokonzekera mpikisano wa mayiko a m'chigawo chino watsegulidwa. Mawu aja ndinawanena pa nthawi yolakwika zaka makumi atatu ndi zinayi zapitazo, lero ndiwanene pa nthawi yake, kwa inu nonse, makamaka kwa inu Achemwali.

Zikomo kwambiri.