Mlamu Wanga Analemba Kawiri

Aulutsi, ndiwerengereni nkhaniyi kuti mwiniwake aimve.

Ndimagwira ntchito ya makompyuta pa kampani ina yoolotsa katundu pachipata cha Mwanza. Mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, ndine ndinamupezera ntchito pomwepo.

Tsiku lina ndili kumaliro ku Thambani, mafayilo onse a makasitomala anafufutidwa mu kompyuta pogwiritsa ntchito dzina langa. Abwana anandiimitsa ntchito. Mlamuyo anabwera kunyumba kudzandipepesa, mpaka anadya nafe.

Iye sankadziwa kuti malamulo onse amene timalemba pa kawindo kakuda ka kompyuta amajambulidwa, ndipo amatha kuonetsedwanso ngati kanema. Ofufuza atabwera, tinaonera kanemayo tonse, mlamuyo ali pomwepo. Kufufutako kunachokera pa kompyuta yake. Zilembo zinkatuluka chimodzichimodzi. Analemba lamulo lofufutira, anaima kaye, analichotsa. Kenako analilembanso.

"Alamu, chala chinangoterereka," anatero.

"Chinaterereka kawiri, ndi pasiwedi yanga?" ndinamufunsa.

Ankafuna mpando wanga. Anamuchotsa ntchito, ine ndinabwerera pa ntchito, ndipo apongozi akuti ndine wouma mtima. Anene zimenezo. Akanakhala kuti anangophonya ndikanamukhululukira, koma ndinaona ndi maso anga pamene anaima n'kuganiza. Pakhomo panga asadzapondenso.