Besi Imene Sinali Mphatso

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine uja wa ku Chiparamba amene anapita ku koleji kukaphunzira sayansi, n'kubwerako patatha chaka ndi theka atatulukira chinthu chimodzi chokha, choti sayansi ndi yovuta. Lero ndikuchitira umboni za khansa ya pakhosi, matenda amene anandilowa mwaulemu kwambiri moti mpingo wonse unawaombera m'manja.

Zinayamba ndi kusasa mawu. Zaka zonse m'kwaya yathu ndinkaimba tena, tena yoti anthu ankangoipirira chifukwa cha chikondi cha pa abale. Koma chaka chimenecho mawu anga anatsika, n'kumamveka ngati thirakitala pamtunda. A Zulu, otsogolera kwaya, anaimitsa nyimbo pakati n'kunena kuti, "Abale, besi ija takhala tikuipempherera yafika." Anandisamutsira kumbuyo, kwa madoda. Ine ndinagwada n'kupempha kuti, "Ambuye, mphatso imeneyi musandilande." Miyezi inayi ndinayenda chodzikweza, ndudu ili pakamwa monga kale, poti ndinkati ndiyo ikukometsa mawu.

Yankho la pempherolo linadzera kwa munthu amene si wa mpingo wathu n'komwe. Amayi Amina ndi Msilamu, ali ndi sitolo m'tauni ya Chipata kumene ndimagulitsa mtedza. Tsiku lina atandimva ndikukangana ndi sikelo yawo, anasiya kuyeza.

"Achimwene, mawu amenewo ayamba liti?"

Ndinawauza monyadira kuti imeneyo ndi besi. Iwo sanaseke.

"Besi imeneyo ndinaimvapo m'nyumba mwanga. Malemu bambo a kunyumba anayamba choncho, ndipo tinachedwa."

Anatseka sitolo masana omwewo n'kundiperekeza okha kuchipatala, akundiyang'anira ngati mbuzi yozolowera kudula chingwe.

Achipatala ananditumiza ku Lusaka, kumene anadula kanyama ka pakhosi kuti akayeze. Inali khansa. Dokotala atamva kuti ndinalawako koleji, anandifotokozera ngati mnzake. Anati m'maselo athu muli majini, osati mizimu ayi koma malangizo a chibadwa, ndipo ena mwa iwo ntchito yawo ndi ulonda, kuletsa maselo kuchulukana mopenga. Jini iliyonse ili ndi pakhomo pake, pamene thupi limayambira kuiwerenga. Tizinthu tating'ono totchedwa methilo tikaunjikana pakhomopo, jiniyo siwerengekanso. Mlonda sanafe, sanathawe, wangotsekeredwa m'kanyumba kake, akuba ali yakaliyakali pabwalo. Anati mu khansa zambiri za m'kamwa ndi pakhosi amapeza alonda otsekeredwa motero, ndipo fodya ndi mowa zimakhala ndi dzanja pamenepo. Ndinavomera ngati wodziwa. Limeneli ndi phunziro lomwe ndinalithawa ku koleji, ndipo linandilondola mpaka kudzandigwira pakhosi.

Kenako anandiuza kuti makina owotcha chotupa akalephera, adzachotsa kholingo lonse, ndipo mawu angawa sadzamvekanso. Abale, apa nthabwala zinandithera. Ndinakhala pabenchi panja, n'kumaganiza za ana anga awiri, kuti ndidzawaitana bwanji akamathamangira kumsewu. Ndinalira ngati mwana, anthu akudutsa. Pemphero langa linali la mawu atatu basi: "Ambuye, ndinapempha molakwa."

Milungu ya chithandizo inali yowawa. Ngakhale phala linkadutsa pakhosi ngati minga, ndipo lamba ndinamuboola mabowo awiri atsopano. Koma chotupa anachipeza chikadali chaching'ono, chifukwa mayi uja anasankha kutseka sitolo. Kholingo langa sanalikhudze ndi mpeni. Mpaka lero ndimapita kukayezedwa, ndipo ulendo uliwonse dokotala amasuzumira n'kunena kuti sakuona kanthu. A Zulu anabwera kudzapepesa atapanira nkhuku m'khwapa. Ndinawakhululukira, nkhuku ndinalandira.

Ndikuthokoza Mulungu amene amadziwa kukana, ndiponso amene posankha wom'tuma safunsa kuti umapemphera kuti. Fodya ndinasiya. Inu amene muli pakati pa mayesero, musafooke, ndipo musam'sankhire Mulungu khomo lolowera. Mawu akasasa kupitirira milungu itatu, pempherani muli pa mzere wa kuchipatala.

Kunyumba akudandaula kuti masiku ano pemphero langa la chakudya latalika. Dzulo mayi a ana anandigunda ndi chigongono n'kunong'ona kuti, "Bambo, ndiwo zazizira." Ndinawamva bwinobwino, koma ndinali ndisanafike n'komwe pa dzina la Amayi Amina. Zizizire. Munthu amene anatsala pang'ono kukhala chete moyo wake wonse safulumira kunena Ameni.